Dzina Limene Linatsala Pakhomo la Ndege

Mu Area 36 munalibe amene sankadziwa kuti a Gilford amaopa mphepo. Anthu ena amaopa agalu, ena apongozi, koma bambo ameneyu, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, ankati akangoona fumbi likudzuka kumsika ndi majumbo akuuluka m'mwamba, nkhani ankaisiyira pakati n'kukadzitsekera m'nyumba. Njinga yamoto ya kabaza sankakwera ngakhale atachedwa bwanji. M'minibasi ankakhala mpando wapakati, ndipo wina akatsegula zenera ankamuyang'anitsitsa mpaka alitseke yekha. Anyamata owotcherera zitsulo pafupi ndi siteji ankawaseka akadutsa. Ankati a Soja anapirira zonse za usilikali, koma mwezi wa Ogasiti unawagonjetsa.

Asiyeni aseke, nanga akudziwa chiyani? Paunyamata wawo a Gilford anali m'gulu la asilikali odumpha m'ndege, ndipo osati odumpha wamba amene chingwe chimawatsegulira ambulera akangotuluka. Iwo anali m'kagulu kochepa kamene kankakwera kutali m'mwamba, n'kugwa kaye ngati mwala, kenako n'kudzitsegulira okha ambulera dziko litayandikira. Pa zikondwerero anthu ankathyoka nawo makosi, ana n'kumakuwa akaona timadontho tija tikusanduka anthu.

Chimene anthu apansi sadziwa n'chakuti kumwambako, kumene mpweya uli mbwee, munthu amatha kubanika. Ukangotuluka pakhomo la ndege mphepo imakumenya kumaso, imadzikankhira yokha m'kamwa ndi m'mphuno, masaya n'kumapepeluka, chifuwa n'kuuma gwa. Umayesa kukoka mpweya, koma uukokera kuti poti m'chifuwamo mwadzaza kale? Mphunzitsi wawo, Sajeni Esau, ankati mankhwala ake ndi amodzi basi.

"Musalimbane n'kukoka," ankatero akuyenda kutsogolo kwa mzere. "Tulutsani! Fuulani chilichonse, kaya dzina la amayi anu, kaya la munthu amene munamubera nkhuku. Mukafuula, chifuwa chimatseguka chokha."

Choncho aliyense anali ndi mfuu yake. Ena ankatukwana, ena ankaitana Yesu, ndipo analipo ena ochita zonse ziwiri pakamodzi. Levison, mnzawo wa pamtima wa a Gilford, wa ku Ntcheu kwawo komwe, ankafuula dzina la mfunda la mkazi wake Ennie. Sichinali chachilendo kwa iye, chifukwa munthuyu analibe manyazi ndi chikondi chake. Akamabwera kunyumba ankayambira pamsewu kuitana, "Nambeweee!" Ngakhale kumudzi kwa apongozi ake ku Dedza ankachita zomwezo, akuluakulu n'kumayang'ana pansi, ana n'kumamutsanzira.

Pamzere wa m'ndege Levison ankaima patsogolo, a Gilford kumbuyo kwake. Nthawi zonse Levison akafika pakhomo ankaliponya dzina lija ndi mphamvu zake zonse, mphepo n'kulidula pakati, ndipo nthawi zonse a Gilford ankafa nalo phwete. Msilikali wamkulu, zida zili pamsana, kuitana mkazi ngati mwana wotayika pamsika! Ankadumpha akuseka, ndipo kusekako ndiko kunkawatsegula chifuwa. Mfuu yawoyawo sanakhale nayo. Sanaone chifukwa choifunira.

Tsiku lomaliza lija kunacha ndi mphepo, koma osati yoti n'kuimitsa ntchito. Anakwera monga mwa masiku onse. Chitseko chinatseguka, mzere unasuntha, Levison anafika pakhomo, anagwira m'mbali, n'kutuluka ali duu. A Gilford anatchera khutu, phwete lili kale pakhosi, ndipo anadumpha akudikirabe. Mphepo inawapeza ali otseka, ndipo inawatsekeratu. Pansi pawo anamuona Levison akugwa chagada, akuzungulira, kukamwa kuli yasa, maso ali pa iwo. Mmene iwowo anatsegulira ambulera yawo sakumbuka, dzanja linangochita lokha zimene linaphunzira. Ya Levison inatseguka mochedwa, mphepo inaipinda, ndipo anakamutola m'munda wa thonje.

Chimene chinamutseka pakamwa tsiku limenelo palibe anachidziwa. Anakamuika kwawo ku Ntcheu, kuseri kwa Lizulu. Anthu atayamba kubalalika pamanda, Ennie anabwera kwa a Gilford, khanda lake Mayankho lili kumbuyo, n'kufunsa motsitsa mawu, "Alamu, anandiitana?" Za mfuu ija ankazidziwa, poti mwini wake ankadzitama nazo paliponse. A Gilford anayang'ana nsapato zawo. Ennie anadikira pang'ono, anagwedeza mutu, n'kupita kukakhala ndi amayi anzake. Sanadzafunsenso.

Kuchokera pamenepo mphepo ikangowakhudza kumaso a Gilford, chifuwa chinkauma monga tsiku lija, ndipo mawu ankathawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuchipatala anawajambula n'kuwauza kuti mapapo awo ndi a mnyamata. Abusa anawasanjika manja. Akazi awo, mayi Tiyese, anayesa za bulugamu ndi za mandimu, zonse osathandiza. Usilikali anausiya, anapeza ntchito ya ulonda wamasana pa sitolo ya zomangira, ndipo anamanga kanyumba kawo kuseri kwa nyumba imene Levison anasiyira mkazi wake. Zaka zinapita, ndevu zinachita imvi, anthu anayamba kuwatchula ndi ulemu. Levison yekha anatsala mnyamata, akugwabe chagada, ndipo mphepo ikaomba a Gilford ankamuona.

Panalinso chinthu china chimene Levison anasiya. Inali ambulera yakale, yotha ntchito kalekale, imene anaitenga kuti azifunditsira chimanga. Ennie, amene kwa anthu a mu 36 anali mayi Nambewe ogulitsa kaunjika, anaipezera ntchito ina. Pakagwa zovuta m'dera lawo, anthu osakwanitsa kubwereka tenti ankatumiza anyamata kwa iye. Ankaimanga ndi zingwe zake zomwe, china kumtengo wa mango, china ku polo ya magetsi, china padenga la oyandikana nawo, ndipo abambo ankakhala pansi pake pamabenchi. Inali yobiriwira mofwifwa, ya zigamba za mitundumitundu, ndipo mphepo ikalowa pansi pake inkafufuma n'kumakoka zingwe ngati ikufuna kunyamuka. N'chifukwa chake pamaliro a Gilford ankakhala tsidya la msewu, padzuwa, pa njerwa. Anthu ankati ndi matama a usilikali.

Ennie anadwala shuga nthawi yaitali osauza anthu. Miyendo itayamba kutupa, anatumiza Mayankho, amene tsopano anali mayi wamkulu woluka tsitsi ku Biwi, kuti akawaitane a Gilford. Anawapatsa mpando m'nyumba, ndipo anauza mwana wake kuti atseke zenera.

"Alamu, ine ulendo wanga wayandikira," anatero. "Musandinamize ayi, ndikudzimva ndekha. Kwathu adzandifuna, mlongo wanga Lucious ndimamudziwa. Koma ine ndinatengedwa, ndipo amene munakandipempha ndinu. Ankhoswe ndinu. Mukandigoneke pafupi ndi mnzanuyo."

"Mlamu, zimenezo zisiyeni, muchira."

"Mwandimva kapena simunandimve?"

"Ndamva."

"Basi. Mwina ndikamuyandikira adzandiuza chimene anakhalira chete."

Za unkhoswezo zinali zoona. Levison anakula wamasiye, wachibale wake wotsala anali azakhali okalamba basi, ndiye pokwatira anachita zimene anthu a m'tauni amachita abale akakhala kutali: anatenga mnzake kukhala nkhoswe. A Gilford ndi amene anavala jekete yobwereka kupita ku Dedza, n'kukagwada pamaso pa amalume a Ennie, n'kupempha chitengwa, kuti mkaziyo akakhale wa kwa mwamuna wake. Amalumewo anavomera, koma anamwalira kalekale. Mwa anthu amene anapangana mawu aja, wamoyo anatsala mmodzi.

Ennie anatisiya Ogasiti ali pakati. Anyamata sanadikire kuuzidwa, anatulutsa ambulera ija n'kuimanga pabwalo la mwini wake. Pofika m'mawa wa tsiku lonyamula maliro, lole inali itaima pamsewu, koma koyendetsera kunali kusanadziwike. A Lucious, mlongo wake wa Ennie, amene tsopano anali mwini mbumba, anali atafika ndi abale ochokera kumudzi kwawo pafupi ndi Chimbiya. Sanali munthu woipa ayi. Anali bambo wofatsa, wa jekete yotuwa, maso ofiira ndi kulira, ndipo zimene ankanena zinali zomveka. Mayi awo agona kumeneko, agogo awo agona kumeneko. Ku Ntcheu kwatsala gogo mmodzi wosaona. Nanga manda a mlongo wawo adzawalambula ndani?

Mayankho anayesa kunena zimene mayi ake anafuna, koma anamuuza mwaulemu kuti mwana salowerera nkhani za akuluakulu, ngakhale akhale ndi saluni yake. Ndiye abambo anasonkhana pansi pa ambulera, pamaso pa mfumu ya dera ndi akulu a mpingo, ndipo a Lucious anaimirira chipewa chili m'manja.

"Ife sitinabwere kudzakangana pamaliro," anatero. "Ine nthawi imene ukwatiwu unkamangidwa ndinali kamnyamata, zimene anapangana akuluakulu sindinazimve. Akuti ankhoswe akuchimuna alipo. Ngati ali ndi mawu, tiwamve, tiwalemekeza. Ngati palibe, mlongo wathu tikamugoneka kwa amayi ake."

Maso onse anawoloka msewu kupita pa njerwa paja. A Gilford anadzuka. Kunali bata, ndipo mumtima anathokoza Mulungu. Anawoloka, anawerama podutsa chingwe, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Levison anaima pansi pa nsalu ija. Fungo lake linali lomwe lija, la nsalu yosungidwa m'chikwama ndi la mafuta a makina, ngakhale inali itamwa utsi wa maliro ambirimbiri. Anapereka ulemu kwa mfumu, kwa mpingo, kwa anamfedwa. Mawu ankatuluka bwinobwino.

Kenako kuchokera kumsika kunabwera mphepo. Inayamba ndi kugubuduza mabotolo a pulasitiki mumsewu, inakweza fumbi, inalowa pansi pa ambulera. Nsalu ija inaphulika kamodzi, phuu, n'kufufuma yonse pamwamba pa mitu yawo, zingwe zili kulira. A Gilford anayang'ana m'mwamba, chimene sanayenera kuchita. Chifuwa chinauma pomwepo. Anatsegula pakamwa, anakoka, anakokanso, osalowa kanthu. Anaona abambo akuwayang'ana, anaona milomo ya mfumu ikuyenda, koma chimene ankamva chinali mkokomo wa pakhomo la ndege, ndipo pakati pa mabenchi, pamene panayenera kukhala dothi, panali nkhope ya Levison ikuzungulira, kukamwa kuli yasa. Anthu awiri anawagwira m'khwapa n'kuwatulutsa.

A Lucious anadikira ndithu, chifukwa anali munthu waulemu. Anatumiza munthu kukaona ngati ankhoswe atsitsimuka. Atamva kuti akungopuma mwabefu, osatulutsa liwu, anayang'ana kwa mfumu, mfumu inatambasula manja. Dzuwa linali kukwera ndipo thupi silidikira.

"Ankhoswe alibe mawu," anatero a Lucious. "Tipita kwathu."

A Gilford anali atakhala pa mpando m'nyumba mwawo, mayi Tiyese akuwakupiza ndi chitenje, pamene Mayankho analowa osaodira. Anagwada patsogolo pawo, duku lili pambali, maso otupa.

"Bambo aang'ono, pulizi. Amami anakuuzani ine ndili pompo. Zenera ndinatseka ndine. Mungowauza amalume mawu awiri basi."

A Gilford anayesa. Pakhosi panangotuluka kamluzu ngati ka ketulo. Manyazi amene anawagwira anali oposa onse amene anawamvapo, moti analakalaka nyumbayo itawagwera. Ennie sanawapemphepo kanthu moyo wake wonse. Funso limodzi anafunsa, iwo anayang'ana nsapato. Chinthu chimodzi anapempha, ndipo nacho chikuwapulumuka masana dzuwa likuswa mtengo.

"Bambo a Upile," anatero mayi Tiyese, amene sankadziwa kunyengerera, "manda akumba mawa. Koma bokosi likangolowa m'mudzi muja, amfumu akumeneko n'kulilandira, nkhani yatha. Simudzalitulutsanso. Ndiye kaya mukhala pampandopo, kaya mutani, izo n'zanu."

Panja amayi anali atayamba nyimbo yonyamulira. A Gilford anadzuka, anagwira khoma, anatuluka. Bokosi linali litakwezedwa kale pa lole, amayi a Mvano atalizungulira ndi zovala zawo zoyera, abambo atakhala m'mbali. A Lucious anali kutsogolo ndi dalaivala pamodzi ndi gogo wina wa kumudzi. A Gilford anafika pazenera, anagwira galasi, anayendetsa milomo. A Lucious anawagwira dzanja mwachifundo.

"Kapumuleni, achimwene. Mwayesetsa. Mulungu akuona."

Injini inalira. Anyamata owotcherera zitsulo aja, amene anabwera kudzathandiza kumasula zingwe, anaona chinthu chimene sanachionepo: a Soja akuponda tayala, akugwira chitsulo, akukwera kumbuyo kwa lole yosafunda. Palibe anaseka. Mayi Tiyese anakwera pambuyo pawo, ndipo Mayankho anawapatsa malo kuseri kwenikweni kwa kanyumba ka dalaivala, pamene mphepo siifika kwambiri.

Anatuluka mu 36 pang'onopang'ono, anthu a m'mbali mwa msewu akuvula zipewa, maminibasi akupatuka. Atalowa mumsewu waukulu wa ku Blantyre, dalaivala anaponda moto. A Gilford anakhala chogwada, mutu uli pakati pa maondo, akupuma timpweya tating'onoting'ono ngati munthu womwa tiyi wotentha. Anadziuza kuti mawu abwera. Pa Nanjiri anayesa kutchula dzina lawo lomwe, silinatuluke. Pa Nathenje anayesanso. Dzuwa linakula, fumbi linayamba kulowa m'maso, ndipo amayi ena, posadziwa kanthu, anatambasula ambulera ija, imene anaitenga kuti ikathandize mthunzi kumudzi, n'kuifunda pamitu pawo atagwira m'mphepete. Mphepo inailowa nthawi yomweyo. Inafufuma pamwamba pa bokosi la Ennie, ikugunda ngati mtima, amayi akulimbana nayo uku akuimba.

Anadutsa Kamphata. Anawoloka mlatho wa Diamphwe. Mapiri a Dedza anayamba kuonekera kutsogolo, ndipo mphepo yake inasintha, inakhala yozizira ndi yakuthwa, yofanana ndi ya kumwamba kuja. Msewu uwu a Gilford ankaudziwa, anauyenda atavala jekete yobwereka. Ankadziwa kuti pakangodutsa mitengo ya bulugamu ija pali kamsewu kafumbi kolowera kumanzere, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumudzi kwa a Lucious ndi pafupi. Mayankho nayenso ankadziwa. Anasiya kuimba, anaika dzanja pa bokosi, n'kuwayang'ana.

Lole yamaliro imaimitsidwa ndi kumenya denga la dalaivala, ndipo kuti ulimenye uyenera kuimirira. A Gilford anagwira chitsulo ndi manja onse awiri, n'kudzikoka. Mutu utangopitirira denga, mphepo yonse ya msewuwo inawagwera kumaso. Inadzikankhira m'kamwa, inatupitsa masaya, inafinya misozi m'maso n'kuiyendetsa chakumakutu. Kampweya kamene ankakasunga kaja kanatheratu. Manja anakanirira pachitsulo, osatheka kuwatukula. Anamva dalaivala akusintha giya, lole ikuyamba kuchepetsa liwiro, ndipo m'mphepete mwa maso mdima unayamba kulowa.

Mumdimamo anamuona. Sanali pansi akuzungulira monga masiku onse. Anali ataima patsogolo pawo, pafupi moti akanatha kumugwira, atawapatsa msana: khosi lija lometedwa bwino, chikwama cha ambulera pamsana, manja atagwira m'mbali mwa khomo. Sanatembenuke. Anangoima pakhomopo, ngati munthu amene wakhala akudikira nthawi yaitali kuti a kumbuyo kwake akonzeke. A Gilford sanachite mantha. Chimene anamva chinali chisoni chachikulu, choti mnyamatayu waima pamenepa zaka zonsezi, dzina lili pakhosi, mkazi wake ali pompano m'bokosi, ndipo pakangopita kanthawi amupititsa kwina.

"Nambeweee!"

Mfuuyo inadutsa pamwamba pa injini, pamwamba pa nyimbo, inakagunda mitengo ya bulugamu n'kubwerera. Ulendo uno mphepo sinaidule, inatuluka yonse mpaka kumapeto. Nyimbo inaduka. Amayi anataya m'mphepete mwa ambulera, nsalu inakwera, inatsala ikukupiza pa chingwe chimodzi chimene chinakola pachitsulo. Dalaivala anaponda buleki, anthu anagwerana, lole inaima tayala lakutsogolo litaponda kale fumbi la kamsewu kaja.

Ndipo a Gilford, pamaliro, pamaso pa amayi a Mvano ndi akulu a mpingo, anaseka. Linali phwete lija, lakalekale, limene linatsala pakhosi tsiku la m'munda wa thonje. Linatuluka lokha, linawagwedeza mapewa, ndipo pambuyo pake mpweya unalowa, wozizira, wambiri, mpaka pansi pa mimba. Anaukoka, anaukokanso. Kusekako sikunathe bwino ayi, kunasanduka kulira, kulira kwa mwamuna wamkulu kumene anthu sadziwa koyang'ana akakumva. Pamaliro a Levison sanagwetse msozi, poti anali mu yunifolomu.

A Lucious anatsika kutsogolo, chipewa chitatsala pampando. Nkhope yawo inali itatuwa. Anayenda m'mbali mwa lole akuyang'ana anthu mmodzimmodzi, anayang'ana kuseri kwa a Gilford, anayang'ana kumsewu kumene anachokera, ngati akuyembekezera kuona munthu akubwera wapansi ndi chikwama paphewa. Mawu amenewo anawamva komaliza ali kamnyamata, akuthamangira kumsewu kukalandira katundu wa alamu awo.

"Waitana ndani?" anafunsa.

Galimoto zinkadutsa, ambulera inkakupiza. A Gilford anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete, anatsika pa tayala, n'kugwada pafumbi pomwepo pamene misewu iwiri inasiyana. Mphepo inali kuombabe, ikuwakankha kumaso, koma mawu anatuluka.

"Ine ndine nkhoswe wa Levison. Ndinabwera kwanu ndi miyendo yangayi, ndinapempha chitengwa kwa amalume anu, anandipatsa. Mlongo wanu asanatisiye anandiitana, mwana wakeyu ali pompo, n'kundiuza kuti akagone pafupi ndi mwamuna wake. Za kulambula manda musade nazo nkhawa, ndidzalambula ndine mpaka tsiku limene adzandinyamule. Mawu anga ndi omwewo."

A Lucious anatembenuka. Anayang'ana kamsewu ka kwawo, kumene madenga a malata ankaoneka patali, ndi utsi wa anthu amene anali atayamba kale kusonkhana. Anayang'ana bokosi.

"Nyengo ya tchuthi alamu ankatero, akangotsika basi pompano," anatero, osauza munthu aliyense. "Achemwali ankasiya mtondo n'kuthamanga, amayi akuwakalipira." Anapukuta m'maso ndi chikhatho, n'kutembenukira kwa mnyamata wina wa kumudzi. "Iwe, tsika. Kawauze amfumu kuti mlongo wathu waitanidwa kwa mwamuna wake. Amene angathe atipeze ku Lizulu mawa." Kenako anapita kwa dalaivala. "Bwererani pa tala."

Lole inabwerera m'mbuyo pang'ono, inawongoka, inaloza kumapiri. Mayankho anaimba foni ku Ntcheu akulira, kuti wina akawauze azakhali a bambo ake. Amayi anakoka ambulera ija, anaipinda, ndipo mmodzi anaikhalira kuti isaukenso. Nyimbo inayambiranso, koma motsitsa, ndipo ambiri ankaba maso kuyang'ana a Gilford.

Iwo sanabwerere pa malo awo obisika aja. Anaima atagwira chitsulo, nkhope ili kumphepo, akupuma. Anayang'ana patsogolo pawo, pamene panali khosi lometedwa lija, ndipo panali denga la lole lokha, la utoto wosupuka. Anadikira kuti mwina amuonanso pansi akuzungulira. Sanamuone. Anadabwa kupeza kuti zimenezi zikuwapweteka, ngati mnzawoyo wamwalira lero lomwe.

Atadutsa Dedza, mayi Tiyese anadzikoka mpaka pamene anaima amuna awo. Anakhala nawo m'banja zaka zambiri, ankadziwa kutsokomola kwawo, kuyasamula kwawo, ndi mmene amaitanira mwana ali kutali. Anawagwira mkono wa jekete, n'kuyandikitsa pakamwa kukhutu kwawo kuti ena asamve.

"Bambo a Upile, ndiuzeni zoona. Munafuula ndinu?"

A Gilford anayang'ana bokosi, kenako msewu.

"Ine ndinangotsegula pakamwa," anatero.